Akhristu Eni Ake, Munda Uno Mwausiyira Yani?

Pali dzina limene timaitanidwa nalo m'tchalitchi pafupifupi Lamulungu lililonse, koma makutu athu analizolowera mpaka analeka kulimva. Wolengeza zidziwitso akaimirira n'kunena kuti bungwe la akhristu eni ake likumana ikatha Misa, ife timayang'ana kudenga ngati akunena anthu a ku Dedza. Eni ake! Amene anasankha mawu amenewa ankachidziwa Chichewa. Mwini munda ndi uja amadzuka tambala woyamba mvula ikagwa usiku, pomwe waganyu amadikira kuti kuche, ayambe wamva kuti mzere umodzi ndi ndalama zingati. Mwini maliro sagona. Ng'ombe ikadya chimanga cha wina, wokayankha ku bwalo ndi mwini khola.

Nanga ife, kuyambira kwa Nathenje kukafika ku Mitundu ndi m'midzi yonse ya m'tsinde mwa phiri la Bunda, tikukhala mu mpingo ngati eni ake kapena ngati aganyu? Ine ndikuti ambiri a ife khasu tinaliponya kalekale, munda wonse n'kuusiyira munthu mmodzi wovala mkanjo.

Tsiku lina m'mawa ndinali pa parishi ina. Misa itangotha, pakhonde pa ofesi panali patadzaza kale. Woyamba ankafuna galimoto ya parishi kuti ikatenge chimanga cha masika ku nthambi yawo. Wachiwiri anabwera ndi nkhani ya malata amene mphepo inasasula patchalitchi lawo miyezi itatu m'mbuyomo, ngati kuti m'mudzi monsemo mulibe mwamuna wodziwa kugwira hamala. Wa kwaya ankafuna kiyibodi. Panalinso banja lokangana chifukwa cha ndalama za fodya, ankhoswe ali phee kunyumba, sakudziwa n'komwe kuti kwagwanji. Kumapeto kwenikweni kwa mzere kunali kamnyamata kotuwa ndi fumbi, katatsamiritsa njinga pamtengo wa mango. Aliyense ankakadumpha poti ndi mwana. Dzuwa lili pamutu m'pamene kanapeza mpata wonena chimene kanatumidwa: agogo ake anali atatsala madzi amodzi, ndipo ankapempha wansembe kuti alape ndi kudzozedwa. Bambo anasiya zonse n'kuliza galimoto.

Mwa anthu onse anali pakhonde paja, mwana yekhayo ndiye anabwera ndi ntchito imene munthu wina aliyense m'parishi monse sakanatha kuigwira. Ndipo ndife amene tinamuika kumapeto kwa mzere.

Tiyeni tiziwerenge pa zala ntchito zimene ndi za wansembe. Kupereka nsembe ya Misa, kuti mkate ndi vinyo zisanduke Thupi ndi Magazi a Ambuye. Kumva kulapa ndi kumasula munthu ku machimo ake. Kudzoza odwala. Katekisiti angadziwe Buku Loyera chotani, angatsogolere mapemphero a Lamulungu mokoma chotani ku nthambi kumene Bambo amafika patalipatali, izi zitatu sangazikhudze. Wapampando wa parishi sangazikhudze. Ngakhale sisitere wokalamba amene moyo wake wonse wathera m'mapemphero sangazikhudze. Pamwamba pa izi pali kulalika pa Misa, kuphunzitsa chikhulupiriro, ndi kusunga nkhosa zonse m'khola limodzi, zonenepa ndi zoonda zomwe. Koma ubatizo, mwana akakhala pakati pa moyo ndi imfa wansembe ali kutali, mzamba kapena gogo amene ali pomwepo angathe kubatiza. Ukwati nawo, opatsana sakramenti ndi mkwati ndi mkwatibwi. Wansembe amaimirira monga mboni ya Mpingo ndi wodalitsa.

Kuti munthu afike pogwira ntchito zitatu zija, njira yake ndi yaitali, ndipo ife a kuno timaiona poyambira pake. Kamnyamata kamalowa pachipata cha seminale yaing'ono ya Paulo Woyera ku Mlale katanyamula sutikesi ndi ndowa. Kakapirira kamapita ku Kachebere ku Mchinji kukaphunzira za kuganiza mozama, kenaka ku seminale ya Petulo Woyera ku Zomba kukaphunzira za umulungu. Malamulo a Mpingo amati maphunziro awiri amenewa asachepere zaka 6. Ambiri amabwerera panjira. Amene wafika amagona chafufumimba patsogolo pa alitale, n'kulonjeza kumvera episkopi ndi kukhala wosakwatira moyo wake wonse. Ndiye munthu wotere, woumbidwa zaka zonsezo, ife n'kumusandutsa dalaivala, kapitawo wa zomangamanga, wobwereketsa ndalama ndi nyakwawa yoweruza milandu ya nkhuku! N'chimodzimodzi kutenga mpeni wa dokotala wa opaleshoni n'kumasendera chinangwa.

Nkhoswe ya ansembe a m'maparishi kumwamba ndi John Mary Vianney, amene anatumikira m'kamudzi ka Ars ku France mpaka imfa yake mu 1859. Sakumbukiridwa ndi nyumba zosanja. Anthu ankachokera kutali kudzaima pamzere chifukwa ankakhala maola oposa 10 patsiku akumva kulapa. Atati akhale pakhonde ndanena lija, bwenzi akutha tsiku akuwerenga malata.

Nkhani yoti ndife eni ake si yadzana, ndipo sinabwere pa ndege. Inaphikidwa konkuno. Mu 1972 Papa anasankha Ambuye Patrick Kalilombe, mwana wa ku Mua, kukhala episkopi wa Lilongwe. Anapeza mpingo wa anthu ochuluka, ansembe ochepa, ambiri a iwo ochokera kunja, ndalama nazonso zochokera kunja. Kuyambira 1973 mpaka 1975 anaitanitsa sinodi yaing'ono ya dayosizi, ndipo amene anafunsidwa maganizo sanali ansembe ndi masisitere okha ayi. Alimi, aphunzitsi ndi amayi a kumudzi anakhala pansi n'kumakambirana za mpingo wawo. M'menemo ndi m'mene munamveka mfuu ija yoti mpingo ndife tonse. M'menemonso ndi m'mene inazika mizu miphakati timaidziwayi, mabanja oyandikana kumakumana pakhonde pa mmodzi wa iwo, kumva Mawu, kuzonda odwala, kuthandiza pamaliro, kuyanjanitsa okangana. Maepiskopi a m'chigawo cha AMECEA nawo, pamisonkhano yawo ya 1973 ndi 1976, anagwirizana kuti iyi ndiyo njira yoyendetsera Mpingo kuno kwathu. Cholinga chinali mpingo wodzidalira, wodzitumikira ndi wodzifalitsa.

Tsono mverani ichi. Boma la chipani chimodzi linaiona miphakati ija n'kuchita nayo mantha. Anthu wamba kumasonkhana okha, kumasankha atsogoleri awo, kumakambirana mavuto a m'mudzi popanda wa chipani? Linati amenewa ndi magulu a ndale. Ambuye Kalilombe anatuluka m'dziko muno mu 1976, ndipo mu 1979 anatula pansi udindo wawo. Episkopi anataya mpando chifukwa cha mphakati wanuwo, umene inu lero mumaujomba chifukwa kuli mpira pa wailesi. Boma lamphamvu ngati lija linkanjenjemera ndi amayi asanu ndi abambo atatu okhala pamphasa. Lero alipo amene amauopa mphakati wanu? Wakatapila wa m'mudzi mwanu amauopa? Mwamuna womenya mkazi usiku uliwonse amauopa?

Pa 8 Marichi 1992 ntchito ziwirizi zinaonekera poyera, iliyonse pamalo pake. Maepiskopi analemba kalata ya m'nyengo ya Lenti yodzudzula nkhanza ndi kupanda chilungamo m'dziko. Ansembe anaiwerenga m'matchalitchi. Boma linati kupezeka nayo ndi mlandu. Koma amene anaibisa m'chitenje ndi m'thumba la jekete, amene anaipatsira mnzake m'basi ndi mu ofesi, amene ena a iwo anagona nayo m'chitokosi, anali akhristu eni ake ndi anansi awo a mipingo ina. Ndipo pa 14 Juni 1993 amene anafola pamzere wa riferendamu ndi anthu wamba miyandamiyanda. Abusa akanalemba nkhosa n'kukhala chete, kalata ija ikanadyedwa ndi chiswe.

Koma apa ndi pamene ambiri timaphonya. Tikamva kuti dzukani, timathamangira ku alitale. Timaganiza kuti mkhristu wolimba ndi amene ali pafupi kwambiri ndi Bambo: wonyamula mtanda, wosunga makiyi a tchalitchi, wokhala pampando wa kutsogolo. Mpaka kukanganirana maudindo, munthu kukhala wapampando zaka 15 ngati ndi ufumu wa kwa amalume ake. Musandimve molakwa. Akatekisiti, owerenga Mawu, a kwaya, aphunzitsi a Tilitonse, a Legio ya Maria amene amayenda khomo ndi khomo, popanda iwo nthambi zambiri bwenzi zili mabwinja, ndipo ndimawavulira chipewa. Koma maitanidwe a mkhristu mwini wake sathera pakhomo la tchalitchi. Msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Vatican, umene unachitika kuyambira 1962 mpaka 1965, unanena mosapita m'mbali kuti malo enieni a mkhristu wosadzozedwa unsembe ndi m'dziko momwemu, m'banja, pantchito, pamalonda ndi m'ndale, kuti aziliyeretsa ali m'kati mwake. Papa John Paul II, yemwe uja anatiyendera mu Meyi 1989, analemba chikalata chathunthu pa nkhani yomweyi mu 1988. Ubatizo wanu ndi ulimbitso wanu sizinali zokupatsani chilolezo chongokhala pabenchi.

Pitani pamsika wa Mitundu nyengo yokolola. Ngolo zafola, a kabaza akupanikizana, mtedza, soya ndi chimanga zili mbwee. Mayi wayenda kuchokera mbandakucha atasenza thumba limene walivutikira chilimire. Venda akulikoleka pa sikelo. Sikelo ija ikakhala yobera, mayi uja apita kwawo ndi ndalama zosakwana fizi ya mwana. Kodi Bambo Mfumu angakaime pa sikelo imeneyo? Sangathe, ndipo si malo awo. Koma venda uja mwina ali ndi kolona m'khosi, ndipo dzulo lomweli anali pamzere wa Ukaristiya. Sikelo imeneyo ndiye alitale yake. Akaiongola wapereka nsembe imene wansembe aliyense sangamuperekere. Akaikhotetsa, Misa ya dzulo waitaya m'ngalande.

N'chimodzimodzi mphunzitsi amene amafika m'kalasi nthawi yake ngakhale malipiro achedwe, namwino wosakalipira mayi wobwera usiku, wapolisi wa pamsewu wa M1 wokana ya fanta, wophunzira za ulimi ku Bunda amene patchuthi amakhala pansi ndi alimi a kwawo n'kuwaonetsa kapangidwe ka manyowa. N'chimodzimodzi nyakwawa yolemba m'kaundula wa thandizo mayina a osauka enieni, osati a alamu ake. Malamulo a Mpingo saloleza wansembe kukhala phungu, khansala kapena mtsogoleri wa chipani. Khomo limenelo anatsekeredwa dala kuti mulowepo inu. Tikamadandaula kuti ndale ndi zauve uku tapinda manja, tidziwe kuti tsache lili pakhomo pathu.

Nanga m'banja? Bambo amabwera kudzadalitsa ukwati n'kubwerera. Salipo pamene ndalama za fodya zatuluka, mwamuna n'kusowa masiku atatu pa Nathenje, n'kubwera ndi shuga wa paketi imodzi. Salipo pamene amalume akuti mtsikana wa fomu 2 akwatiwe chifukwa kwapezeka mwamuna wa njinga yamoto, chikhalirecho malamulo a dziko lino kuyambira 2017 amati wosafika zaka 18 ndi mwana. Salipo pamene maliro angoikidwa kumene, achibale n'kuyamba kuzula malata ndi kumasula mbuzi, namfedwa ndi ana akuyang'ana, chonsecho lamulo la 2011 limati kulanda chuma cha amasiye ndi mlandu. Amene amakhalapo ndinu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Ndikamaganiza za mkhristu mwini wake amene anadziwa malo ake, amandibwerera m'mutu ndi Benedict Daswa wa ku Limpopo ku South Africa. Anali mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pulayimale, mlimi wa dimba, bambo wa ana 8, munthu amene amuna anzake ankamuseka chifukwa chothandiza mkazi wake kuchapa matewera ndi kutola nkhuni. Ziphaliwali zitatentha nyumba zingapo m'mudzi, akuluakulu anagamula kuti aliyense asonkhe ndalama, aitane sing'anga adzaloze mfiti. Daswa anakana. Anati chikhulupiriro chake sichimulola kusonkhera imfa ya munthu wosalakwa. Pa 2 Febuluwale 1990 anamutchingira njira ndi mitengo, kumugenda, n'kumupha. Pa 13 Sepitembala 2015 Mpingo unalengeza kuti ndi wodala. Sanavalepo mkanjo wa unsembe. Pabwalo lija panalibe wansembe. Panali iye, ndipo anakwanira.

Nkhani imeneyi si yachilendo kwa ife. Mwana akamwalira mwadzidzidzi, kapena mvula ikadula mu Januwale, maso amatembenukira kwa gogo wina wokhala yekha m'kanyumba ka kumapeto kwa mudzi. Lamulo la 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, koma lamulo lili m'buku ku Lilongwe, pomwe miyala ili pafupi. M'khamu lonyamula miyala lija mumakhala obatizidwa angati? Pakufunika mmodzi yekha woimirira pakhomo pa gogoyo n'kunena kuti muyambe mwapha ine. Mmodzi ameneyo sangachokere kunyumba ya ansembe, makilomita ambirimbiri, usiku wa manda. Achokera nyumba yoyandikana nayo.

Ku Uganda nakonso, amishonale atachoka ku Buganda mu 1882, akhristu atsopano anapitiriza okha kuphunzitsana, ndipo ansembe pobwerera mu 1885 anapeza gulu litakula. Charles Lwanga, Kizito ndi anzawo amene anatenthedwa ku Namugongo pa 3 Juni 1886, amene mayina awo tinapatsa ana athu ndi miphakati yathu, panalibe wansembe ndi mmodzi yemwe pakati pawo.

Tsopano ndilankhule nanu, Abambo athu ansembe, mwaulemu wonse wa mwana kwa kholo. Nthawi zina khasu lathu sitinaliponye tokha, munachita kutilanda. Pali maparishi amene ngakhale kugula tsache kumadikira siginecha ya Bambo. Pali makomiti ongokhalira kuomba m'manja zimene zagamulidwa kale. Malamulo a Mpingo a 1983 amati parishi iliyonse ikhale ndi bungwe loona za chuma, musaliyese chokongoletsera. Tipatseni mabuku tiwerenge, tilakwitse, mutikonze. Atumwi aja, madandaulo a kagawidwe ka chakudya cha akazi amasiye atachuluka, sanakakamire mtanga. Anauza mpingo kuti usankhe amuna 7 oyang'anira zimenezo, iwo n'kutsalira pa pemphero ndi pa Mawu. Inunso, Bambo, munda wa fodya, minibasi ndi chigayo zikachuluka, bokosi la kulapa limachita akangaude. Mapanga awiri avumbwitsa. Ndipo mlendo ndi mame: tsiku lina kalata idzachokera kwa Ambuye George Desmond Tambala ku Maula, inu n'kulongedza. Chimene munachigwira nokha chidzapita nanu m'sutikesi. Chimene munatiphunzitsa kugwira chidzatsala.

Chimene tikupempha kwa inu ndi chimene sitingachipeze kwina. Ulaliki wokonzedwa, woti munthu akafika nawo kunyumba n'kumaubwerezabe. Misa yosathamangitsa. Khutu lodekha pa kulapa. Ndiponso kuti belu la wodwala likalira, likupezeni.

Ifenso tili ndi ngongole kwa iwo. Kale thandizo linkachokera kutsidya kwa nyanja, ndipo tinazolowera kuti Bambo ndiye wopatsa, ife olandira. Masiku amenewo anapita. Wansembe wa lero ndi mwana wa mlimi ngati ife, mwina amayi ake akukhala m'nyumba ya udzu. Mafuta a galimoto yokadzoza agogo aja amachokera mu mtulo wathu ndi m'masika athu. Amene amapereka chimanga chofumbwa pa masika, chabwino atagulitsa kwa venda, asadabwe Bambo akamalephera kufika ku nthambi. Komanso wansembe ndi munthu. Amatopa, amadwala, amasungulumwa. Anthu onse akabalalika Lamulungu madzulo amatsala ndi zipupa. Akapunthwa, pali njira yake: akuluakulu a mpingo amuone pamaso, zikakanika nkhani ipite kwa episkopi, ndipo ikakhala yokhudza kuzunza mwana ipitenso ku polisi popanda kuzengereza. Miseche ya pa mjigo ndi pa WhatsApp sinakonzepo wansembe ndi mmodzi yemwe.

Ndipo ansembe sagwa kuchokera kumwamba ngati matalala. Bambo Cornelius Chitsulo, wansembe woyamba wa Chimalawi, amene anadzozedwa mu 1937 ndipo pambuyo pake anakhala episkopi wa Dedza, anabadwira m'nyumba ya anthu wamba, analeledwa ndi mayi, anadya nsima ya pamudzi. Seminale yoyamba ndi khonde lanu, pamene ana amamva bambo awo akutsogolera kolona kapena akutukwana. Timadandaula kuti Bambo amabwera kamodzi pa miyezi ingapo, koma mwana wathu akanena kuti akufuna ku Mlale, ndife oyamba kumufunsa kuti nanga adzatisamala ndani.

Abale ndi alongo anga a kwa Chadza, a kwa Chiseka, a kwa Masula ndi konse kumene mawu ano angafike, sabata ino mphakati wanu ukumana. Pitaniko. Mukafika musayambe ndi za yunifomu kapena za amene sanasonkhe ya paphwando. Funsanani kuti m'mudzi muno ndani wagona ndi njala, ndi mtsikana uti wasowa kusukulu, ndi gogo uti akunong'onezedwa, ndi banja liti limene ankhoswe ake agona tulo. Gawanani mayina, aliyense anyamule lake. Malata aja kakhomeni nokha Loweruka. Ndipo mukadzaona kamnyamata kotuwa ndi fumbi kataima kumapeto kwa mzere pakhonde pa Bambo Mfumu, kagwireni padzanja, mukapititse kutsogolo.